Canon EF-S 10-18mm: zimene ndaona kuchokera m'chiperoni mpaka m'dzinja

Lenzi ya Canon EF-S 10-18mm f/4.5-5.6 IS STM ndinaigula nthawi ya chisanu, chiperoni chikuphimba phiri la Soche m'mamawa, ndipo pano dzinja likupita kumapeto. Nditangoigwira ndinauza anzanga ojambula kuti ndi yopepuka, zithunzi zake zimatuluka shapu, ndipo pa ndalama zake n'zovuta kupeza ina yoiposa. Mawu amenewo sindikuwabweza. Koma nthawi imeneyo inali itangoona ntchito ya panja, dzuwa lili bwino. Tsopano yadutsa m'fumbi la Okutobala, m'maholo a ukwati, m'zipinda zopanikizika za ku Ndirande ndi m'chinyezi cha Januwale. Ndinganene mosapsatira kuti kukongola kwa chithunzi cha lenziyi kwagona pa zinthu ziwiri: kuchuluka kwa kuwala pamalopo, ndi chimene mwaika m'mphepete mwa chithunzicho. Mukasamala ziwirizi, palibe kasitomala angadziwe kuti munajambulira lenzi yotsika mtengo.

Kwa amene simunaionepo, Canon anaitulutsa mu 2014 pa mtengo wa madola pafupifupi 300 ku America. Inapangidwira makamera a sensa (kachipangizo ka m'kamera kolandira chithunzi) yaing'ono ya APS-C monga 600D, 700D, 1300D, 2000D ndi 80D, omwe ambiri a ife timanyamula kuno. Pa 6D kapena 5D siilowa n'komwe. Ine ndimaiika pa 750D ya 24 megapixel. Chifukwa cha kuchepa kwa sensayo, 10-18mm imaona mmene 16-29mm ingaonere pa kamera ya sensa yaikulu yotchedwa full frame, ndipo pa 10mm imagwira madigiri 107 kuchokera kona ina kukafika kona inzake. Mukaima pakona ya chipinda n'kutsamira khoma, makoma onse anayi amaonekako. Imalemera magalamu 240 okha. Yanga inabwera ndi mbale wanga wochokera ku Joni, yogwiritsidwapo kale ntchito. Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zipangizo zojambulira siikhazikika, ndiye funsani kwa anthu angapo musanatulutse ndalama.

Malo amene ndimayeserapo lenzi iliyonse ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels pa HHI mu Blantyre muno. Chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott, ndipo njerwa zake zinaumbidwa m'mapangidwe osiyanasiyana, kotero khoma lake ladzaza ndi timizere, timabowo ndi timithunzi kuchokera pansi mpaka pa nsanja. Lenzi yofooka siingabisale pamenepo. Pa 10mm ndi f/4.5 (nambala ya f imasonyeza kukula kwa aperture, kabowo kolowera kuwala: nambala ikakwera, kabowoko kamachepa), pakati pa chithunzi njerwa iliyonse imawerengeka, ngakhale mizere ya pakati pa njerwazo. M'makona ndi mmene muli kachimbuuzi pang'ono: njerwa zimaoneka ndithu, koma m'mbali mwake simulimba. Mukatseka kufika f/5.6 zimayamba kusintha, ndipo pa f/8 makona amadzuka mpaka kusiyana kwake ndi pakati kumafuna munthu wokulitsa chithunzi pa kompyuta kuti akuone. Pa 14mm ndi pamene ndaona kuti chithunzi chimafanana bwino kwambiri kuchokera mbali ina kufika inzake. Pa 18mm pakati pamakhalabe pabwino, koma makona amafunanso f/8.

Choncho masana lenziyi imakhala pa f/8, ndipo kawirikawiri sindiisuntha. Ndikuchenjezeni za chizolowezi chimene ndimachiona kwa achinyamata ambiri, chotseka mpaka f/16 kapena f/22 poganiza kuti ndiye zonse zituluka shapu. Kuwala kukamadutsa pa kabowo kakang'ono kwambiri kumabalalika, ndipo pa sensa ya 24 megapixel kufewako kumaonekera mukangodutsa f/11. Njerwa zomwe zija pa f/22 zimaoneka zofooka kuposa pa f/5.6, ngakhale pakati penipeni. Komanso palibe chifukwa chotsekera choncho. Pa 10mm ndi f/8, mukaloza focus pa chinthu chimene chili mita imodzi kuchokera pamene mwaima, zonse kuyambira theka la mita mpaka phiri lakutali zimakhala zooneka bwino. Umenewu ndi mwayi wa lenzi zotambasula zonse, ndipo m'msika wa ku Limbe, kumene nthawi yoti muime n'kumasankha poloza palibe, umathandiza kwambiri.

Funso lenileni n'lakuti chithunzicho chikupita kuti. Zambiri zimene timajambula zimathera pa WhatsApp ndi Facebook, kumene zimachepetsedwa kwambiri, ndipo kachimbuuzi ka m'makona kamasoweratu. Ndinatsukitsa chithunzi cha tchalitchi chija pa pepala la A3. Chithunzi cha 6000 x 4000 chimakwana bwino pa pepala lotero, ndipo anthu amene anachiona anakamba za mitambo ndi mtundu wa njerwa, palibe anayang'ana m'makona. Ine ndinayang'anamo, ndipo pa f/8 munalibe chondidetsa nkhawa.

Mitundu imatuluka mwachilengedwe, yofanana ndi ya lenzi ya 18-55mm imene imabwera ndi kamera, moti mukasakaniza zithunzi za lenzi ziwirizi mu alubamu imodzi sizitsutsana. Maluwa a jakaranda a mu Okutobala anatuluka ndi mtundu wawo weniweni, osathawira ku buluu, bola white balance, yomwe imawongola mitundu malinga ndi kuwala, ndaiika pa dzuwa. Chimene chimaoneka ndi timizere tofiirira ndi tobiriwira m'mphepete mwa nthambi zimene zili m'makona, kumbuyo kwake kukakhala thambo lowala. Pa 10mm timaoneka kwambiri. Makona nawonso amada pang'ono pa f/4.5, makamaka pa khoma loyera kapena thambo lopanda mitambo. Ziwiri zonsezi kamera imazikonza yokha pa JPEG mukayatsa lens aberration correction mu menu, ndipo ojambula RAW, zithunzi zimene kamera siinazikonze, amazichotsa pongodina kamodzi mu Lightroom kapena mu Digital Photo Professional, pulogalamu ya Canon yaulere. Sindiziwerengera ngati vuto.

Kupindika kwa mizere kulipo pa 10mm. Ndinakuona bwino pa khonde la Mandala House, nyumba ya mu 1882 ija, kumene mizati yoongoka ya kumapeto inatuluka itatuza kamimba pang'ono. Pofika 14mm kumakhala kutatsala pang'ono kutheratu. Nakonso kumakonzeka pa kompyuta, ngakhale mumataya kachidutswa ka m'mphepete. Koma pali kupendama kwina kumene anthu amanamizira lenzi pamene ndi kagwiridwe ka kamera. Mukaima pa Victoria Avenue n'kuloza kamera m'mwamba kuti nyumba yosanja ilowe yonse, nyumbayo imaoneka ngati ikugwera chagada. Mankhwala ake ndi kugwira kamera moongoka, osaiweramitsa kapena kuidzutsa, n'kudula gawo la msewu pambuyo pake. Ine ndimayatsa mizere ya grid pa sikirini ndi kuifanizira ndi zitseko kapena makona a makoma. Pa 10mm kupendeketsa kochepa kwambiri kumaonekera, ndiye kuleza mtima kwa masekondi ochepa kumapulumutsa ntchito yaikulu ya madzulo.

Tsopano nkhani ya anthu, imene ndikufuna tiimepo chifukwa ndi imene imadyetsa ambiri a ife. Lenzi yotambasula imayesetsa kuti mizere yoongoka ikhalebe yoongoka, ndipo kuti itero imakoka zinthu za m'mphepete. Zili ngati chitenje chimene anthu awiri akuchikoka uku ndi uku: duwa la pakati limakhala mmene lilili, koma a kumapeto amatambasuka. Izi sizichitika chifukwa choti lenziyi ndi yotsika mtengo. Ngakhale yodula motani, ikakhala ya 10mm pa sensa imeneyi, ichita chimodzimodzi, ndipo batani lokonza kupindika lija silichotsa zimenezi. Masamu ake amasonyeza kuti mutu wa munthu amene waima kumapeto kwenikweni kwa chithunzi pa 10mm umatambasuka m'mbali pafupifupi ndi theka la kukula kwake. Pa 18mm kutambasukako sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu pa nkhope ya munthu.

Pa chinkhoswe china ku Chilomoni bwalo linali lopanikizika pakati pa nyumba ndi mpanda, ndipo achibale a kuchikazi anali ambiri. Pobwerera m'mbuyo panalibe, ndiye lenziyi inali yokhayo yotha kuwagwira onse. Ndikuwasendezera pakati m'mizere itatu, amayi ena achikulire anandifunsa kuti, "Nanga achimwene, mukutiunjikiranji pamodzi chonchi, malo onsewa alipo?" Ndinawapempha aime kaye kumapeto, n'kujambula, kenaka abwere pakati, n'kujambulanso. Ataona choyambacho pa sikirini anagwira pakamwa. "Iii, ameneyu si ine ayi. Fufutani msanga apongozi asanachione." Ndinati, "Ndafufuta kale, amayi." Kuchokera pamenepo iwowo ndi amene anayamba kukokera anzawo pakati.

Lamulo langa pa magulu a anthu ndi ili: ngati malo alola, ndimajambula pa 16mm mpaka 18mm, kapena kungobwerera ku lenzi ya 18-55mm. Ngati ndakakamizika kutsika pa 10mm kapena 12mm, ndimasiya mpata wopanda munthu mbali zonse ziwiri, gulu n'kukhala pakati, ndipo kamera ndimaiika pa msinkhu wa pachifuwa. Mukaikweza kwambiri mitu imakula miyendo n'kufupika, mukaitsitsa nsapato ndi zimene zimalamulira chithunzi. Ana ndi anthu ochepa thupi ndi amene ndimaika kumapeto. Mkwatibwi, ankhoswe ndi makolo asachoke pakati. Ndipo nkhope ya munthu mmodzi pafupi, musayese pa 10mm. Lenziyi imatha kuloza chinthu chimene chili masentimita 22 okha kuchokera pa sensa, zomwe ndi zabwino pa mulu wa tomato wa pamsika kapena mphete zili pa Baibulo holo yonse ikuonekera kumbuyo, koma pa nkhope mphuno imakula makutu n'kuthawa. Munthu amene wavala bwino, wadzikonza tsiku lonse, sayenera kulandira chithunzi chotero kuchokera kwa ife.

Kufooka kwenikweni kwa lenziyi ndi mdima. Imayambira pa f/4.5, koma pa 10mm pokha. Mukangopotoza pang'ono yafika pa f/5, ndipo chakumapeto ili pa f/5.6. Lenzi ya f/2.8 imalowetsa kuwala kochuluka kanayi kuposa f/5.6. Madyerero a ukwati kuno amachitika masana, koma aliyense amene wajambulapo amadziwa mmene m'maholo athu mumakhalira: mawindo atchingidwa ndi nsalu zokongoletsera, mababu ndi ochepa, ndipo magetsi akazima jenereta imasungidwira zoimbira. Pa perekaniperekani anthu akuvina, mumafunika shutter yotseka msanga, pa 1/200 ya sekondi, kuti manja ndi ndalama zouluka ziime. Pa f/5.6 zimenezo zimakankhira ISO, mlingo wa mmene sensa imamvera kuwala, ku 3200 kapena 6400, ndipo pa 750D chithunzi chimadzaza timadontho, khungu la anthu n'kutaya kusalala kwake, masuti akuda n'kusanduka ofiirira. Kushapa konse kumene ndatamanda kuja kumathera pamenepo. Vuto silikhala galasi, limakhala kuti sensa yasowa kuwala.

Ena amati nanga si ili ndi IS, njira yoletsera chithunzi kugwedera. Ilidi nayo, ndipo Canon amati imathandiza kuchedwetsa shutter mpaka masitepe anayi. Kwa ine imagwiradi ntchito: pa 10mm ndimatha kujambula pamanja pa 1/4 ya sekondi, ndikapuma bwino ndi kukanikiza zigongono m'nthiti, zambiri n'kutuluka zosagwedezeka. M'kati mwa tchalitchi mulibe anthu, m'holo yokongoletsedwa alendo asanafike, kapena pa Chipembere Highway madzulo magalimoto akusiya mizere ya kuwala, ISO ndimaisiya pa 400 ndipo zithunzi zimatuluka zoyera popanda tripod. Pa ntchito yotere lenziyi imaposa zina zodula zimene zilibe IS. Koma IS imaletsa kugwedezeka kwa manja anu okha. Kwayala ikamayenda ikuimba, kapena mwana akamathamanga pakati pa mipando, palibe chimene ingachite.

Ndiye m'holo fulashi ndi yosapeweka. Ija yaing'ono ya pamwamba pa kamera iiwaleni: pa 10mm siifika m'mbali, ndipo lenzi imatchinga kuwala kwake n'kusiya mthunzi wozungulira m'munsi mwa chithunzi. Pamafunika fulashi yapadera. Denga likakhala loyera ndi lotsika, ndimailoza m'mwamba kuti kuwala kubwerere kofewa, ndipo pa f/5.6 ndi ISO 800 zithunzi zimatuluka zosangalatsa. Koma maholo ambiri ali ndi denga lalitali la malata, kapena akutidwa ndi nsalu zofiira ndi zagolide, ndipo kuwala kobwererako kumabwera ndi mtundu wa nsaluzo pa nkhope za anthu. Pamenepo ndimakoka kagalasi kotambasulira kuwala ka pamutu pa fulashi n'kuloza kutsogolo. Zikatheka bwino, pali chithunzi chimodzi chimene lenziyi imandipatsa chomwe ina iliyonse m'chikwama changa siingathe: kukweza kamera pamwamba pa mitu, sikirini nditaitembenuzira pansi, pa 11mm kapena 12mm, akwati ali pakati, manja onse atakwezedwa, ndalama zili m'malere, holo yonse ikuoneka mpaka ku chitseko. Pa alubamu iliyonse imene ndapereka miyezi imeneyi, chimenecho ndi chimene mabanja amasankha kuti chikulitsidwe.

Za nyenyezi ndinayesa mu Julayi chakumbali ya Thyolo, kutali ndi magetsi a m'tauni, nthawi imene mlalang'amba umadutsa pamutu penipeni. Pa 10mm, f/4.5, masekondi 25 ndi ISO 3200 umaonekadi, koma timadontho timachuluka, ndipo nyenyezi za m'makona zimatalika pang'ono. Chovuta china n'chakuti lenziyi ilibe manambala osonyeza mtunda, ndipo mphete yake ya focus imagwira ntchito ndi magetsi a kamera, simayendetsa galasi mwachindunji. Mumayenera kukulitsa nyenyezi yowala kakhumi pa sikirini ndi kupotoza pang'onopang'ono. Amene mtima wake uli pa nyenyezi afune lenzi ya f/2.8.

Kumene lenziyi yabweza ndalama zake mwachangu ndi pa nyumba za lendi ndi malo ogona alendo. Eni nyumba ku Namiwawa, Nyambadwe ndi Chinyonga, ngakhalenso madobadoba a nyumba za ku Machinjiri ndi Chilobwe, onse akufuna zithunzi zoika pa Facebook. Bafa kapena khitchini yopapatiza imene pa 18mm mumangogwira sinki ndi theka la chitseko, pa 10mm imalowa yonse. Zipinda sizithawa, ndiye ndimaika kamera pa tripod, f/8, ISO 100, n'kudikira masekondi amene ikufuna. Matailosi amaoneka mpaka m'makona, ndipo mizere ya siling'i imaongoka ndikaikonza. Kunena za kuoneka bwino kwa chithunzi, ntchito imeneyi ndi imene imaonetsa mphamvu zonse za galasili.

Koma pano pali nkhani ya chilungamo imene imandikhudza. Pa 10mm chipinda chimaoneka chachikulu kuposa mmene chilili. Bedisita yoti mukaikamo bedi ndi tebulo yadzaza imatuluka ngati ingakwane banja. Bambo wina mwini nyumba ataona pa sikirini anati, "Eya, chomwechi mphwanga, zonse mujambule chomwechi." Ndinawayankha kuti, "Bambo, munthu akakwera minibasi ziwiri kuchokera ku Bangwe kudzaona nyumbayi, n'kupeza si imene anaiona, ndalama yake ya thiransipoti yapita ndipo inu sadzakukhulupiriraninso." Tinagwirizana zojambula pa 14mm, n'kusiya chitseko ndi mpando zikuoneka kuti woona athe kuyerekeza kukula kwake. Kuyambira pamenepo 10mm ndimaisungira mabafa ndi makonde opapatiza okha. Ofuna nyumba mu Blantyre muno amavutika kale mokwanira, zithunzi zathu zisawaonjezere mtolo.

Amene akuigulira mapiri amve izi asanakhumudwe. Mzinda wathu wazingidwa ndi Ndirande, Soche ndi Michiru, ndipo munthu amaganiza kuti lenzi yotambasula ndiyo yoyenera. Koma imachepetsa chilichonse chimene chili kutali. Phiri la Ndirande limene maso amaliona litadzaza thambo mukaima pa Ginnery Corner, pa 10mm limasanduka kachulu kumapeto kwa msewu. Ngakhale Mulanje, ndi Sapitwa wake wa mamita 3,002, amafupika mukamujambula kuchokera pamsewu. Lenziyi imafuna chinthu chapafupi choti chitsogolere diso: tchire la tiyi lili pafupi ndi bondo lanu, mwala wa pa Njira ya Mtanda ku Michiru, mizere ya chimanga, kanjira kolowera m'chithunzi. Mukachipeza n'kugwada, chithunzi chimakhala ndi kuya kumene lenzi zina sizipereka. Pa bwalo la Kamuzu Stadium n'chimodzimodzi: Maule ndi Manoma akakumana imagwira bwino khamu, mbendera ndi thambo, koma osewera amakhala timadontho.

Nyengo nayo imanamiza. Mu Sepitembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimaphimba mapiri, zithunzi zakutali n'kutuluka zotuwa, ndipo n'kosavuta kuganiza kuti lenzi yafooka. Mvula yoyamba itagwa ndinajambulanso malo omwewo kuchokera ku Soche, ndipo madenga a ku Zingwangwa ankawerengeka limodzilimodzi.

Dzuwa limalowa m'chithunzi kawirikawiri chifukwa cha kutambasuka kwake, ndipo apa yandisangalatsa kuposa mmene ndinkayembekezera. Likakhala m'kati mwa chithunzi mitundu siifooka kwambiri, mumangopeza kadontho kobiriwira kamodzi kapena tiwiri mbali inayo. Likakhala kunja pang'ono kwa chithunzi ndi pamene limachita chifunga, ndipo hood, chotchingira dzuwa cha kutsogolo kwa lenzi, imathandiza. Canon saiika m'bokosi, mumagula payokha, dzina lake EW-73C. Yongofanizira yotsika mtengo imagwiranso ntchito, bola muonetsetse kuti yakhala moongoka, apo ayi imaonekera m'makona pa 10mm. Timasamba ta aperture tilipo 7, ndiye pa f/16 dzuwa kapena babu la mumsewu limatulutsa nthambi 14 za kuwala, ndipo ndi nthawi yokhayo imene ndimalolera kutseka choncho. Mafyuluta ake ndi a 67mm, ofanana ndi a 18-135mm koma osiyana ndi a 58mm a pa 18-55mm. Gulani opyapyala, chifukwa okhuthala amadetsa makona. Polarizer, fyuluta yochepetsa kunyezimira, pa 10mm imasiya thambo mbali ina lakuda mbali ina loyera, choncho ndimaigwiritsa ntchito pa masamba onyowa ndi madzi okha.

Thupi lake ndi la pulasitiki mpaka polumikizira ku kamera, ndipo zimenezi zinkandidetsa nkhawa poyamba. Yayenda m'maminibasi ndi pa kabaza, yavulidwa ndi kuvalidwa kosawerengeka, koma mpaka lero siigwedera pa kamera ndipo mphete ya zoom ikuyendabe mosalala. Zithunzi za khoma la njerwa zimene ndajambula posachedwa sizikusiyana ndi za mu Julayi. Siinatetezedwe ku madzi ndi fumbi, ndiye mvula ikayamba imalowa m'chikwama. Tifumbi tochepa talowa kuseri kwa galasi lakutsogolo, koma sitioneka pa chithunzi. Madontho amene ndinawaona pa thambo mu Okutobala anali pa sensa, ndipo anachoka nditaipukuta. Chimene chimaoneka msanga ndi chala kapena dontho la mvula pa galasi lakutsogolo mukajambula moyang'ana dzuwa, ndiye kansalu kopukutira kasamachoke m'thumba.

Mdani wamkulu m'dzinja ndi chuku. Kuyambira Disembala mpaka Malichi chinyezi chimakhala chambiri, ndipo lenzi yosiyidwa m'chikwama chonyowa mu wadiropu imamera timizu toyera m'kati mwa galasi. Tikakula timachititsa chifunga pa chithunzi chilichonse, ndipo kutsegula lenzi ngati iyi kuti aiyeretse kungadye ndalama zoyandikira mtengo wake. Yanga imagona m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, ndipo ikabwera konyowa ndimaisiya kaye pamalo opita mphepo. Mpaka pano galasi lili loyera.

Pa vidiyo ndinene mwachidule. Mota yake ya STM siimveka pa maikolofoni, focus imasuntha mosadumpha, ndipo IS pamodzi ndi kutambasuka kwake zimathandiza kuti vidiyo yoyenda m'nyumba isagwedere kwambiri. Malire ake ndi omwe aja a kuwala.

Ngati ntchito yanu yambiri ndi ya m'maholo ndi usiku, yang'anani Tokina 11-16mm f/2.8. Ndi yolemera kuposa kawiri, ilibe IS, ndipo dzuwa likalowamo imavutika kuposa iyi, koma kuwala imalowetsa. Canon EF-S 10-22mm f/3.5-4.5 ya mu 2004 ili ndi polumikizira pachitsulo ndipo imafika patali pang'ono, koma nayonso ilibe IS, ndipo pa f/8 sindinaone kusiyana koti munthu alipirire ndalama zoonjezera. A Nikon ali ndi yawo yofanana nayo, AF-P DX 10-20mm f/4.5-5.6G VR ya mu 2017, koma aonetsetse kaye kuti kamera yawo imalandira lenzi za AF-P, chifukwa zakale zambiri sizitha kuyendetsa focus yake.

Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, pitani ndi kamera yanu. Walitsani tochi ya foni kudzera m'galasi kuti muone ngati mulibe chuku kapena chifunga. Yang'anani timano ta pulasitiki ta polumikizira ngati sitinabenthuke, chifukwa lenzi imene inagwapo imaonekera pamenepo. Kenaka pezani mpanda wa njerwa, imani moyang'anana nawo bwinobwino, jambulani pa 10mm ndi pa 18mm aperture ili yotsegula, n'kukulitsa makona onse anayi. Onse akafewa mofanana, ndi chibadwa chake ndipo f/8 ikonza. Koma mbali imodzi ikakhala shapu inayo ili chimbuuzi, magalasi a m'kati anasuntha, ndipo imeneyo isiyeni ngakhale atsitse mtengo. Amene mukuganiza zosamukira ku makamera atsopano monga R50 kapena R10, lenziyi imagwira ntchito kudzera pa adapter ya EF-EOS R. Iliponso RF-S 10-18mm ya mu 2023 yolemera magalamu 150, koma pa 18mm imathera pa f/6.3, ndiye m'holo muzafunika fulashi kuposanso apa.